Humphry Davy ndi nyale yotchinga lawi la moto

Pa 25 May 1812, mgodi wa malasha wa Felling, kumpoto chakum'mawa kwa England, udaphulika ndi kupha anthu 92, ena mwa iwo anyamata achichepere. Gwero la ngoziyi lidali mpweya wa methane womwe umatuluka m'malasha. Ukasakanikirana ndi mpweya wamba, kandulo imodzi yokha imatha kuyatsa mgodi wonse.

M'chaka cha 1815, anthu a m'deralo adapempha katswiri wa sayansi Humphry Davy kuti athandizepo. Davy adabadwira ku Penzance pa 17 December 1778, ndipo pa nthawiyi n'kuti atatchuka kale kaamba kotulukira potassium ndi sodium mu 1807.

Iye adayamba ndi kufufuza mmene lawi limayendera. Gawo la mpweya lomwe likuyaka limatenthetsa gawo loyandikana nalo mpaka nalonso liyake, ndipo motowo umangopatsirana chotero. Davy adaona kuti lawi likalowa m'paipi yachitsulo yopapatiza limazima, chifukwa chitsulocho chimayamwa kutentha mofulumira, kotero kuti mpweya wa kutsogolo sufika poyaka. Atazindikira kuti sefa ya waya ya timabowo ting'onoting'ono imachita chimodzimodzi, adakuta nayo nyale. Methane ankalowa ndi kuyakira m'kati, koma lawi silinkadutsa kupita kunja.

Nyaleyi adaiyesa mu mgodi wa Hebburn mu January 1816. Davy adakana kuilembetsa ngati katundu wake kuti azipindula nayo, chinthu choyamikirika ndithu. Koma pa nkhani ya ulemu sadali wofatsa: adakangana kwambiri ndi George Stephenson, yemwe adapanganso nyale yakeyake pa nthawi yomweyo, ndipo zidamuvuta kuvomereza kuti mmisiri wosapita patali ndi sukulu angafike pa nzeru yotere payekha.

Nyaleyo idali ndi zofooka zake. Inkawala mochepa, waya akachita dzimbiri ankabooka, ndipo mphepo yamphamvu inkatha kukankhira lawi kunja kwa sefa. Choipirapo, eni migodi adaidalira n'kuyamba kutumiza anthu m'malo akuya odzaza methane omwe kale ankawaopa, motero kuphulika sikudathe.

Davy adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la Royal Society mu 1820. Adamwalirira ku Geneva pa 29 May 1829 ali ndi zaka 50.