Sir Alexander Fleming, Bambo Amene Adatulukira Penisilini

Amayi anzanga, ndi ochepa pakati pathu amene sadabayitseko jekeseni wa penisilini kapena kumwetsa mwana makapisozi a amoxicillin. Ku Kawale, ku Biwi ngakhale ku Mgona, mwana akangoyamba kutsokomola ena a ife timathamangira pagolosale kukagula makapisozi awiri kapena atatu, malinga ndi ndalama imene tamanga pansonga ya chitenje. M'kope lino ndafuna kuti tikumbukire munthu amene adatulukira mankhwala oyamba a mtundu umenewu, chifukwa zimene adaopa mu 1945 ndi zomwe zikutilanda makanda m'zipatala masiku ano.

Alexander Fleming adabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pafamu yotchedwa Lochfield, pafupi ndi tauni ya Darvel ku Scotland. Adali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana asanu ndi atatu. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 7, ndipo mayi ake, a Grace, ndiwo adatsala ndi ana pamodzi ndi famu. Popita kusukulu ku Darvel ankayenda pansi mtunda wa makilomita oposa 6, pobweranso chimodzimodzi. Atakula pang'ono adapita ku London kukakhala ndi mkulu wake Tom amene adali dokotala, ndipo kwa zaka zinayi adagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina ya sitima zapamadzi. Chidamutulutsa muofesimo ndi kachuma kamasiye kamene mbale wawo wina wamkulu adamusiyira ali ndi zaka 20. Ndalamazo sadadye, adalipirira sukulu ya udokotala pachipatala cha St Mary's ku Paddington, ndipo adamaliza mu 1906 atakhoza bwino kwambiri.

Momwe adayambira ntchito yofufuza tizirombo n'zoseketsa ndithu. A Fleming ankadziwa kulasa ndi mfuti, ndiye mkulu wa timu ya masewero olasa pachipatalapo sadafune kuti achoke. Adawapezera malo m'labotale ya Sir Almroth Wright, ndipo a Fleming adakhala pa St Mary's pomwepo mpaka ukalamba wawo. Mu Disembala 1915 adakwatira Sarah McElroy, namwino wochokera ku Ireland, ndipo adabereka mwana mmodzi, Robert, amenenso adadzakhala dokotala.

Nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse adatumizidwa ku Boulogne, m'dziko la France, kukathandiza asirikali ovulala. Kumeneko adaona anyamata ambiri akufa ndi mabala owola. Madokotala ankathira mankhwala amphamvu otsukira zilonda, koma a Fleming adaonetsa kuti m'bala lakuya mankhwalawo ankapha maselo oyera a m'magazi, amene ndi asirikali a m'thupi, kusiya tizirombo tili bwinobwino m'makona a balalo. Adalemba zimenezi mu 1917, koma madokotala ambiri sadasinthe. Kuchokera pamenepo ankafunafuna chinthu choti chiphe kachirombo popanda kuvulaza mwini thupi. Mu 1921, akudwala chimfine, adaika mamina awo m'kambale kolereramo mabakiteriya ndipo adaona kuti ena asungunuka. Chinthu chosungunulacho adachitcha lysozyme, ndipo chimapezekanso m'misozi, m'malovu ndi m'choyera cha dzira. Koma chidalibe mphamvu pa tizirombo toopsa kwenikweni.

Kumayambiriro kwa Seputembala 1928 a Fleming adabwera kuchokera kutchuthi napeza timbale tawo titaunjikana pakona, pakuti sadali munthu wodziwika ndi kukonza pamalo. M'timbalemo adabzalamo mabakiteriya otchedwa staphylococcus, omwe amayambitsa zithupsa ndi mafinya. Kambale kamodzi kadachita chuku, chonga chija chimamera pabuledi wokhalitsa. Wina akadangokatsuka. Iwo adayang'anitsitsa naona kuti mozungulira chukucho mabakiteriya adafa, pomwe akutali adali moyo. Adachilera chukucho, naona kuti madzi ake amapha tizirombo ta chibayo, ta zilonda zapakhosi ndi ta chinzonono, koma osavulaza maselo a munthu. Mu Malichi 1929 adawatcha madziwo penisilini, ndipo chaka chomwecho adasindikiza zimene adapeza.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa mabuku ambiri a ana amadumphapo. A Fleming sadathe kusandutsa madzi a chukuwo kukhala mankhwala. Ankawonongeka msanga, ndipo kuwayenga kudawakanika. Padapita zaka khumi nkhaniyo ili chigonere. Amene adaidzutsa ndi gulu la ku Oxford lotsogozedwa ndi a Howard Florey a ku Australia ndi a Ernst Chain, Myuda amene adathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany, pamodzi ndi a Norman Heatley amene ankapanga zipangizo ndi manja awo. Nkhondo yachiwiri idali itayamba, ndalama kulibe, moti chukucho ankachilera m'zitini za mabisiketi ndi m'mabedipani, ziwiya zija timapatsa odwala amene sangathe kudzuka kupita kuchimbudzi. Adalemba ntchito atsikana asanu ndi mmodzi oti azisamalira ziwiyazo. Pa 25 Meyi 1940 adabaya mbewa zisanu ndi zitatu ndi tizirombo toopsa, zinayi n'kuzipatsa penisilini. Kutacha, zinayi zosalandira mankhwala zidali zitafa, zinazo zili moyo.

Mu Febuluwale 1941 adapereka mankhwalawa kwa wapolisi wina, Albert Alexander, amene nkhope yonse idali mafinya ndipo diso limodzi adali atamuchotsa kale. Adayamba kupeza bwino tsiku lotsatira lomwe. Koma mankhwala adali ochepa kwambiri, moti ankatenga mkodzo wake n'kukayenganso penisilini wotuluka nawo kuti amubayenso. Adatha ndithu, matenda adabwerera, ndipo adamwalira mwezi wa Malichi. Zitatero gululo lidaganiza zoyamba ndi ana, popeza mwana safuna mankhwala ambiri. Choncho ena mwa anthu oyambirira kuchira ndi penisilini adali ana. Pambuyo pake mafakitale a ku America adayamba kupanga mankhwalawa ochuluka, ndipo pofika 1944 adalipo okwanira asirikali ovulala kunkhondo.

Atolankhani atamva, adathamangira ku Oxford koma a Florey adakana kuyankhula nawo. A Fleming adawalandira, ndipo dzina lawo lokha ndilo lidatchuka. Mu 1944 mfumu ya ku Britain idawapatsa ulemu wa Sir, ndipo mu 1945 adagawana mphoto ya Nobel ndi a Florey ndi a Chain. A Heatley sadalandire nawo. Kwa ine zimenezi sizidayende bwino, ndipo anamwino timazidziwa: wodwala akachira, amene adachezera naye usiku wonse satchulidwa kawirikawiri.

Chimene ndimawalemekezera a Fleming ndi zimene adachita ndi kutchukako. Polandira mphotoyo ku Stockholm mu Disembala 1945, pamene dziko lonse linkaona penisilini ngati chozizwitsa, iwo adachenjeza kuti idzafika nthawi yoti aliyense azidzagula mankhwalawa m'sitolo, ndi kuti munthu wosadziwa adzamwa ochepa, osakwana kupha tizirombo koma okwana kutizoloweretsa. Adapereka chitsanzo cha bambo wodwala pakhosi amene wadzigulira penisilini wochepa, kenako n'kupatsira mkazi wake tizirombo tozolowera tija. Mkaziyo akadwala chibayo, mankhwala sagwiranso ntchito, ndipo amamwalira.

Sipadatenge nthawi. Dokotala wina wamkazi, a Mary Barber, pachipatala cha Hammersmith ku London komweko, adapeza kuti mu 1946 pafupifupi 14 mwa staphylococcus 100 aliyense wa odwala awo sankamva penisilini, ndipo pofika 1948 adapitirira theka. Adaonetsanso kuti tizirombo timeneti tinkafalikira m'chipatala momwemo, kuchoka kwa wodwala uyu kupita kwa uyo kudzera mwa ogwira ntchito. M'zaka za m'ma 1950 mtundu wina wa staphylococcus wosamva penisilini, umene udayamba kudziwika ku Sydney, udavutitsa mawodi a makanda m'mayiko ambiri, ana akutuluka zithupsa ndipo amayi awo akutupa mawere. Akatswiri adapanga mankhwala ena, methicillin, koma pofika 1961 tizirombo tosamva amenewonso tidali titapezeka.

Kwathu kuno nkhaniyi idafika kalekale. Khanda likadwala matenda a m'magazi, madokotala amayamba ndi penisilini pamodzi ndi gentamicin, zikakanika n'kupita ku ceftriaxone. Ofufuza a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Pa kachirombo kotchedwa Klebsiella, adapeza kuti mu 2003 pafupifupi 12 mwa 100 ndito sitinkamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, koma pofika 2016 tidakwana 90 mwa 100. Klebsiella ndi kachirombo kokonda m'chipatala. Kamakhala m'masinki, pazipangizo ndi m'manja, ndipo kamalowa mosavuta mwa mwana wobadwa masiku asanakwane amene ali ndi kanula pamkono kapena kachubu m'mphuno. Mankhwala otsala oti angakaphe, monga amikacin ndi meropenem, ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Padziko lonse, kafukufuku wamkulu adawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni adafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, mmodzi mwa asanu aliwonse ali mwana wosakwana zaka zisanu.

Ndidagwirapo usiku m'wodi ina ya makanda momwe ana awiri, nthawi zina atatu, ankagona pakabedi kamodzi, anamwino tili awiri okha ndipo pampopi madzi osatuluka. Umachoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo ukudziwa bwino lomwe chimene manja ako anganyamule. N'chifukwa chake sindikwiya ndikamva namwino akuuza gadiyani kuti asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana, kapena akubweza gulu la azakhali ndi azigogo amene abwera kudzaona khanda. Ife a ku Chinsapo ndi ku Area 23 timati namwinoyo ndi wamwano, koma mwana wa kilogalamu imodzi ndi theka sangalimbane ndi tizirombo tochokera m'manja a anthu khumi.

Masiku ano akatswiri awonjezera pa chenjezo la a Fleming. Vuto si kumwa ochepa kokha ayi, komanso kumwa pamene sakufunika. Chimfine wamba chimayamba ndi mavairasi, ndipo kapisozi sachiritsa; amangopha mabakiteriya ofooka a m'matumbo a mwanayo, kusiya olimba kuti aswane. N'chimodzimodzinso makapisozi amene timasungunulira nkhuku m'madzi, ndi otsala a bambo amene timapatsa mwana. Tsiku limene mwanayo adzagonekedwe ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, amapita nato tizirombo tolimbato.

A Fleming adaona chiyambi chabe cha zonsezi. Mayi Sarah adamwalira mu 1949, ndipo imfayo idawafooketsa kwambiri. Mu 1953 adakwatiranso dokotala wa ku Greece, a Amalia Koutsouri-Vourekas, amene ankagwira nawo ntchito pa St Mary's. Adangokhala limodzi zaka ziwiri. M'mawa wa pa 11 Malichi 1955 a Fleming adamwalira kunyumba kwawo ku London ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 73. Thupi lawo lidatenthedwa, ndipo phulusa lidaikidwa m'chipinda chapansi cha tchalitchi chachikulu cha St Paul's, momwenso muli mwala wokumbukira namwino Florence Nightingale.