Myriam Harry, Woyamba Kulandira Mphotho ya Amayi

Aphunzitsi athu a Chifalansa atatiuza kuti aliyense wa ife a mu Fomu 3 asankhe mlembi mmodzi wa ku France ndi kufufuza mbiri yake, anzanga ambiri anathamangira Victor Hugo, pakuti ndilo dzina limene tonse tinali titalimvapo. Ine ndinachedwa kusankha. Kunena zoona, ndinali nditaganiza kale zolisiya phunziroli, chifukwa tsiku lina powerenga mokweza lilime langa linakana, ndipo kalasi lonse linaseka mpaka ena kugwetsa misozi. Komabe masana ena ndinanyamuka kwathu ku Area 11 wapansi kupita ku laibulale ya ku City Centre. Pofufuzafufuza ndinapeza mndandanda wa anthu amene analandirapo mphotho yotchedwa Prix Femina. Mphothoyi imaperekedwa ku Paris chaka ndi chaka kwa wolemba buku lopambana m'Chifalansa, ndipo oweruza ake ndi akazi okhaokha kuyambira pachiyambi kufikira lero. Pamwamba penipeni pa mndandandawo panali dzina losamveka Chifalansa konse, la Myriam Harry, chaka cha 1904. Tsono anzanga, mbiri yake ndi iyi.

Dzina lake lobadwa nalo linali Maria Rosette Shapira. Anabadwira ku Jerusalem m'chaka cha 1869, mzindawo uli m'manja mwa ufumu wa Turkey. Atate ake, a Moses Wilhelm Shapira, anali Myuda wochokera ku dziko limene tsopano ndi Ukraine, amene anatembenuka nakhala Mkhristu. Amayi ake anali Mjeremani amene anabwera ku Jerusalem kudzatumikira mpingo. Motero mwanayu anakula akumva Chijeremani, Chingerezi ndi Chiarabu. Chifalansa sichinali chiyankhulo cha kwawo.

A Shapira anali ndi sitolo m'chigawo cha Akhristu cha mzindawo, m'mene ankagulitsa mabuku ndi zinthu zamakedzana kwa alendo. M'chaka cha 1873, chaka chomwe David Livingstone anamwalira kwa Chitambo, iwo anagulitsa ku Berlin miphika ndi timafano tambiri tadothi timene amati tinachokera ku dziko la Moabu la m'Baibulo. Sipanapite nthawi, akatswiri anapeza kuti zoumbazo zinali zatsopano, zopangidwa mwachinyengo. Mmodzi wa amene anaulula zimenezi anali Mfalansa wina wophunzira kwambiri, dzina lake Charles Clermont-Ganneau. Dzinali mulisunge, pakuti tikumana nalonso.

Patapita zaka 10, mu 1883, a Shapira anafika ku London atanyamula tizikopa 15 takuda, tolembedwa m'zilembo zakalekale za Chiheberi. Mawu ake anali ofanana ndi a m'buku la Deuteronomo, ndi Malamulo Khumi omwe analimo, koma osiyanako ndi amene timawadziwa. Iwo anafotokoza kuti Aluya a m'chipululu anatipeza m'phanga kum'mawa kwa Nyanja Yakufa, ndipo anapempha British Museum kuti itigule pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni. Anthu anakhamukira kukaona, ndi nduna yaikulu ya Britain yomwe, William Gladstone. Kenaka anatulukira Clermont-Ganneau uja. Iye anangotiona kanthawi kochepa, nalengeza kuti ndi tachinyengo, todulidwa m'mphepete mwa mipukutu ya m'masunagoge. Katswiri amene British Museum inamupatsa ntchito yotiyesa, Christian David Ginsburg, anagamulanso chimodzimodzi. Nyuzipepala zinawanyoza a Shapira, ndipo iwo sanabwererenso kwawo. M'mwezi wa Malichi 1884 anadzipha m'nyumba ya alendo ku Rotterdam. Mwana wawo anali ndi zaka 15.

Apa ndinaima kuwerenga kwa kanthawi. Ife tikudziwa m'mene zimakhalira kuno bambo wa mnzathu akatchulidwa m'nyuzi pa nkhani ya ndalama: mwana wosalakwa amalowa m'kalasi mutu uli pansi, ndipo timanong'onezana kumbuyo kwake. Mtsikanayu anataya atate, chuma ndi dzina labwino pa nthawi imodzi. Amayi ake anatenga banja napita nalo ku Berlin, kumene anakhala movutika. Kumeneko Maria anayamba kulemba tinkhani m'Chijeremani, koma mtima wake unali ku Paris. Asanakwanitse zaka 20 anapita kumeneko, nayamba ntchito yophunzitsa ana kuti apeze chakudya, uku akulimbana ndi Chifalansa mpaka anatha kulemba nacho mabuku. Chimandidabwitsa ndi chakuti anasankha chiyankhulo cha munthu yemwe uja anagwetsa atate ake. Ine amene ndinafuna kuthawa chifukwa cha kusekedwa tsiku limodzi ndinachita manyazi, ndipo dzina langa likadali pa mndandanda wa olemba mayeso a Chifalansa.

Mwayi wake woyamba unachokera kwa akazi anzake. Mu 1897 Marguerite Durand anayambitsa nyuzipepala yotchedwa La Fronde, imene olemba ake ndi oyala zilembo omwe anali akazi. Nkhani za Myriam Harry, pakuti tsopano ankalemba ndi dzina limeneli, zinatuluka m'menemo, ndipo mu 1899 zinasonkhanitsidwa m'buku lake loyamba, Passage de Bédouins. Pambuyo pake analemba La Conquête de Jérusalem, nkhani ya munthu wofufuza zakale amene anakwatira mtumiki wa mpingo ku Jerusalem, banja lawo n'kukhala lopanda mtendere. Wodziwa mbiri ya makolo ake sangavutike kuona kumene anatenga nkhaniyo.

Pa nthawi imeneyo, Lilongwe wathuyu ali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, ku Paris kunali kutangoyamba mphotho yaikulu ya mabuku yotchedwa Prix Goncourt, imene inaperekedwa koyamba mu 1903. Oweruza ake anali 10, onse amuna. Mtsogoleri wawo, J.-K. Huysmans, ankamudziwa Myriam ndipo analikonda buku lake. Ngakhale zinali tero, mphotho ya 1904 inapita kwa Léon Frapié, ndipo mbiri inawanda kuti buku la Myriam silinawerengeredwe n'komwe chifukwa mlembi wake anali mkazi. Wina angati mwina buku la Frapié linali loposa ndithu. Koma taonani, anzanga: mkazi woyamba kulandira Goncourt anali Elsa Triolet, pa mphotho ya chaka cha 1944. Ine sindikhulupirira kuti m'zaka 40 zonsezo munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe wodziwa kulemba m'dziko lonse la France.

Akazi olemba sanangodandaula ayi. Okwana 22, ogwirizana ndi magazini yotchedwa La Vie heureuse, anapangana zoyambitsa mphotho yawoyawo, ya ndalama zofanana ndi za Goncourt, mafaranki 5,000. Wapampando wawo woyamba anali mlakatuli wotchuka, Anna de Noailles, amene anali ndi zaka 28 zokha. Mu Januwale 1905 anapereka mphotho yoyamba, ya chaka cha 1904, kwa Myriam Harry. Poyamba inkatchedwa ndi dzina la magazini ija, ndipo dzina lakuti Femina linadza pambuyo pake.

Chimene chinandikondweretsa koposa ndi zimene amayiwa anachita ulendo wachiwiri. Ine ndikadakhala iwo, ndikuvomera, ndikadabwezera. Iwo anapereka mphotho ya 1905 kwa mwamuna, Romain Rolland, chifukwa cha buku lake Jean-Christophe, ndipo munthu yemweyo anadzalandira mphotho ya Nobel ya chaka cha 1915. Mu 1931 anasankha woyendetsa ndege uja Antoine de Saint-Exupéry, amene ena mwa inu mumamudziwa chifukwa cha Le Petit Prince. Lamulo lawo linakhudza okhala pa mpando woweruza, osati olandira. M'zaka zathu zino mphothoyi yafikanso kwa ana a Africa. Marie NDiaye, amene atate ake anali a ku Senegal, anailandira mu 2001, ndipo Léonora Miano wobadwira ku Douala m'dziko la Cameroon anailandira mu 2013 ndi buku lonena za mudzi umene ana ake anagwidwa pa chiyambi cha malonda a akapolo. Tikambe ndi a ku kalabu yathu ya zolembalemba, pakuti chaka chatha oweruza mpikisano wa ndakatulo anali anyamata okhaokha.

Za moyo wake wotsatira ndingodutsamo. Anakwatiwa ndi Émile Perrault, mmisiri wosema zifanizo za nyama, ndipo analera mwana wamwamuna wochokera ku Syria. Anayenda ku Indochina, Tunisia, Egypt, Syria ndi ku Madagascar pafupi ndi kwathu kuno, nalemba mabuku ambiri a maulendo akewo. Iye mwini anadzakhalanso mmodzi wa oweruza a mphotho imene anayamba kuilandira.

Koma nkhani ya atate ake sinamuchoke mumtima. Mu 1914 anatulutsa La Petite Fille de Jérusalem, m'mene anafotokoza ubwana wake atadzitcha Siona. M'bukumo atate ake akuoneka ngati munthu wokonda zakale ndi mtima wonse amene adani anamupweteka, ndipo Clermont-Ganneau alimo, atapatsidwa dzina lina losavuta kulizindikira.

Tsono mu 1947, Myriam ali nkhalamba ya zaka 78, abusa a Chiluya anapeza mipukutu yachikopa m'mapanga a ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, ya zaka pafupifupi 2,000. Mu 1883 akatswiri ena ankanena kuti chikopa sichingakhale zaka zochuluka chotero m'dziko limenelo osaola, ndipo apa zinaoneka kuti pa mfundo imeneyo analakwa. M'zaka za m'ma 1950 Menahem Mansoor anapempha kuti mlandu wa a Shapira uunikidwenso, ndipo mu 2021 Idan Dershowitz anatulutsa buku lonena kuti tizikopa tija tinali takale ndithu. Akatswiri ena ambiri akutsutsabe.

Myriam Harry anamwalira pa 10 Malichi 1958 ku Neuilly-sur-Seine pafupi ndi Paris, ali ndi zaka 89, mkanganowo utangoyambiranso. Tizikopa tija, timene atate ake anatitchulira mapaundi 1 miliyoni, tinagulitsidwa pa okushoni ku London mu 1885 pa mtengo wa mapaundi 10 ndi masheleni 5. Tinaonekanso mu 1889 m'tauni ya Burton-on-Trent ku England, ndipo kuchokera pamenepo tinasowa.