Elliot Kamwana: mlaliki yemwe adamuyankha ndi unyolo

Loweruka pamsika wa Kawale, kwa Chinsapo kapena pa Nsungwi ku Area 25 sipasowa mlaliki wa chimkuzamawu m'manja. Nthawi zina pamapezekanso mnyamata wamakani womufunsa kuti ngati Mulungu alikodi, nanga bwanji ana akugona ndi njala. Awiriwo amatsutsana mpaka thovu kukamwa, anthu n'kumaseka, kenaka aliyense n'kulowera kwake. Ndime 33 ndi 35 za malamulo aakulu a dziko lino a 1994 zimateteza onse awiri.

Kalelo zinthu sizidali choncho, ndipo mmodzi mwa Amalawi oyamba kulawa zowawa kaamba ka pakamwa pake ndi Elliot Kenan Kamwana.

Kamwana adali Mtonga wa m'dera la Bandawe ku Nkhata Bay. Adaphunzira pasukulu ya mishoni ya Bandawe, ndipo poti adali wanzeru adamutumiza ku Overtoun Institution ku Khondowe, sukulu yapamwamba ya mishoni ya Livingstonia. Mu 1901 adachokako posagwirizana ndi ndalama za fizi zomwe amishoni adakhazikitsa.

Monga anyamata ambiri a nthawiyo, adalowera ku South Africa komwe adagwira ntchito yothandiza odwala m'chipatala cha kumigodi. Ku Cape Town adakakhala ndi Joseph Booth, mzungu yemwe uja adatengera John Chilembwe ku America. Booth ndiye adamuphunzitsa za m'mabuku a Charles Taze Russell, yemwe adayambitsa gulu la Watch Tower.

Chakumapeto kwa 1908 Kamwana adabwerera kwawo, ndipo m'mphepete mwa nyanja mudagwedezeka. Masiku amenewo munthu wofuna ubatizo ku Livingstonia ankadikira zaka ali m'kalasi, akuyesedwa mayeso komanso kuunikidwa khalidwe. Ambiri ankatopa panjira, ndipo Kamwana naye adadikirapo ubatizo umenewu osaulandira. Tsono iye adayamba kubatiza poyera, m'nyanja ndi m'mitsinje, mosachedwetsa munthu komanso mosalipiritsa. M'miyezi yochepa chabe adabatiza anthu oposa 9,000. Makalasi a mishoni adayamba kuchepa anthu.

Uthenga wake udali wakuti mu 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha ndipo Khristu adzalamulira. Kwa munthu wakumudzi amene ankasautsidwa ndi msonkho wa nyumba, mawuwa ankamveka bwino lomwe: boma la atsamunda nalo lidzatha, msonkho n'kuthera pomwepo.

Apa mpamene pagona nkhani. Amishoni a Livingstonia adali anthu ophunzira kwambiri, odziwa Baibulo kuchokera ku Genesis mpaka Chivumbulutso. Akadafuna, akadangomusiya kuti anthu amve mbali zonse, 1914 ifike, aliyense aone yekha. M'malo mwake adakadandaula kuboma kuti mkuluyu akuutsa chisokonezo. Mu Marichi 1909 boma la bwanamkubwa Alfred Sharpe lidamugwira n'kumuchotsa ku Nkhata Bay. Sadamenye munthu, sadanyamule mkondo. Mlandu wake udali ulaliki basi.

Kuchokera pamenepo moyo wake udali wongosamutsidwa. Adabwerera ku South Africa, adakakhala ku Chinde m'dziko la Mozambique, kenaka adasungidwa ku Mulanje moyang'aniridwa ndi boma. Chilembwe ataukira atsamunda mu Januwale 1915, Kamwana sadatenge nawo mbali chifukwa ankakhulupirira kuti wosintha zinthu ndi Mulungu, osati mfuti. Izi sizidamupulumutse. Mu 1916 adamukweza sitima kupita naye kuchilumba cha Mauritius, ndipo pambuyo pake ku Seychelles.

Kunena zoona, ulosi wake sudakwaniritsidwe. Chaka cha 1914 chidabweretsa nkhondo yaikulu ya dziko lonse, koma atsamunda adakhalabe ndipo msonkho udapitirira. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale zidaoneka poyera kuti adaphonya, boma lidapitiriza kumuopa kwa zaka zina zoposa 20.

Adaloledwa kubwerera kwawo mu 1937, patatha zaka 28 chimuchotsereni. Adapeza zinthu zitasintha. Akuluakulu a Watch Tower, omwe tsopano ankadziwika kuti Mboni za Yehova, sankamuwerengera ngati wawo, ndipo iye adayambitsa mpingo wakewake wa Mlonda, womwe pachingerezi umatchedwa Watchman Healing Mission. Mpingowu unkaletsa anthu ake kumwa mankhwala, zomwe n'zovuta kuzimvetsa kwa munthu amene adagwirapo ntchito m'chipatala.

Mchitidwe wotseka pakamwa anthu a chikhulupiriro chosiyana sudapite ndi atsamunda. Mu 1967 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaletsa Mboni za Yehova kaamba kokana kugula makadi a chipani cha Malawi Congress. Ambiri adamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba, ena zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi Mozambique, mpaka chiletsocho chidachotsedwa mu 1993.

Kamwana sadazione zimenezi. Adatsogolera mpingo wake wa Mlonda ku Nkhata Bay kwa zaka 19, ndipo adamwalira mu 1956, kutatsala zaka zisanu ndi zitatu kuti boma lomwe adalilosera kutha lija lichokedi.