Malemu Moses Chirambo, dotolo amene anatsegula maso a Amalawi

Mukayenda m'misewu ya ku Old Town, makamaka mbali ya kumsika ndi ku Malangalanga, mupeza anyamata atayala magalasi a maso pansi ngati tomato. Munthu amangofika, n'kuyesa awiri atatu, n'kuyang'ana pa nyuzipepala, basi walipira. Kwinaku ku City Centre ndi ku Area 10, 12 ndi 43, nkhani imene ili mkamwamkamwa ndi ya opaleshoni ya leza, imene ena amakwerera ndege mpaka ku Johannesburg kapena ku India kuti akataye magalasi. Anthu onsewa, wa kumsika ndi wa kumpanda yemwe, ayenera kudziwa dzina la munthu mmodzi amene anayala maziko a chithandizo cha maso m'dziko muno: malemu Dr Moses Chirambo.

A Chirambo anali mwana wa ku Rumphi, ndipo mbiri imawadziwa ngati Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso. Masiku amenewo kunalibe sukulu ya udotolo m'dziko muno, pakuti College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991. Aliyense wofuna udotolo ankayenera kupita kunja, ndipo ambiri mwa amene anapita sanabwerere. A Chirambo anabwerera. Anapeza dziko limene odwala maso ankadalira madotolo achilendo ochepa chabe, ena mwa iwo ochokera ku Israel, amene ankabwera kwa kanthawi n'kubwerera kwawo.

Chinthu choyamba chimene bamboyu anachita chinali kufunsa funso losavuta: kodi Amalawi akuchita khungu chifukwa chiyani? Mu 1976, iwo pamodzi ndi Dr David BenEzra wa ku chipatala cha Hadassah ku Jerusalem anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa ana 270 a m'sukulu 17 za osaona. Zimene anapeza zinali zomvetsa chisoni. Ana 73 mwa 100 alionse anasiya kuona asanakwanitse zaka zitatu. Chikuku chokha chinachititsa khungu ana pafupifupi 44 mwa 100 alionse, ndipo ena linawagwera chifukwa cha nthomba. Ambiri mwa amene anali ndi zilonda m'maso anali atathiridwa mankhwala achikuda matendawo ali pachimake. Apa zinaonekeratu kuti khungu la ana ambiri silinali lobadwa nalo kapena lolodzedwa ayi, koma lopeweka ndi katemera, chakudya chabwino ndi kuthamangira kuchipatala.

Sanalekere pomwepo. Mu 1983 anatsogolera nawo kafukufuku wina ku Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, mogwirizana ndi akatswiri a ku Johns Hopkins ku America. Zotsatira zake zinatuluka mu 1986 m'magazini ya bungwe la WHO, ndipo zinasonyeza kuti pakati pa akuluakulu, ng'ala ndiyo inali patsogolo pochititsa khungu. Taganizani, abale: gogo akukhala pakhonde zaka zisanu, mdzukulu wasiya sukulu kuti azimutsogolera ndi ndodo, chonsecho vuto lake ndi loti dotolo angathe kulichotsa pa opaleshoni yosafika ndi ola limodzi lomwe.

Koma mutu umodzi susenza denga. A Chirambo anadziwa kuti ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku, sakanatha kufikira diso lililonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1980 anaika mtima wawo pa kuphunzitsa ena. Pa sukulu ya zaumoyo ya mu Lilongwe, imene lero ndi Malawi College of Health Sciences, panayamba maphunziro osula madotolo aang'ono kuti azitha kuyeza maso, kupereka mankhwala ndi kuchita maopaleshoni ena. Ophunzira ankachokeranso m'maiko oyandikana nafe a kummwera kwa Africa kuno. Anthu ena ankaona ngati n'kulakwa kupereka mpeni wa opaleshoni kwa munthu amene si dotolo wamkulu. Koma m'dziko limene katswiri anali mmodzi pa anthu mamiliyoni, kudikira akatswiri okhaokha kunali kuweruza agogo athu kuti afe ali mumdima. Ngati lero mumapeza munthu woona za maso pachipatala cha boma lanu, dziwani kuti mbewuyo inafesedwa nthawi imeneyo.

Nzeru ina ya bamboyu inali pa nkhani ya asing'anga. M'malo mowanyoza, iye ndi anzake monga Paul Courtright ndi Susan Lewallen anaona kuti munthu wa kumudzi akadwala diso amayamba wapita kwa sing'anga. Choncho kunali kwabwino kukhala nawo pansi asing'angawo, kuwaphunzitsa kuopsa kothira zitsamba m'diso, ndi kuwapempha kuti azitumiza odwala ng'ala kuchipatala. Mu 2000 anatulutsa buku lofotokoza za mgwirizano umenewu. Kwa zaka zambiri anagwiranso ntchito ndi bungwe la Sightsavers ngati mlangizi wa zamaso m'chigawo chino cha Africa.

Chakumapeto kwa moyo wawo analowa ndale. Pa chisankho cha 2009 anapambana mpando wa Rumphi Central, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawasankha kukhala nduna ya zaumoyo. Unduna sunakhalitse. Mu Ogasiti 2010 anachotsedwa pamene nduna zinasinthidwa, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira ku South Africa. Sanakhale ndi moyo kuti aone chaka cha 2022, pamene WHO inalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a trakoma, aja opinditsa zikope mkati mpaka kukanda diso. Koma amene amadziwa mbiri akudziwa kuti pa chipambano chimenecho panali thukuta la anthu amene iye anawaphunzitsa.

Tsono tibwerere ku nkhani ya leza ija. Opaleshoni imeneyi inayamba kuchitika pa anthu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mtundu wake wotchuka ndi LASIK. Dotolo amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi m'diso, kenaka kuwala kwa leza kumasema pang'ono kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso kuti kuwala kuzigwera pamalo oyenera. Ntchito yonse imatenga mphindi zowerengeka, munthu ali maso, ndipo ambiri amayamba kuona bwino tsiku lotsatira. Koma si aliyense angachitidwe. Munthu ayenera kukhala wazaka 18 kapena kuposa, mphamvu ya magalasi ake ikhale itakhazikika, ndipo kachikopa kaja kasakhale kopyapyala. Ena pambuyo pake amavutika ndi kuuma kwa maso kapena kuthobwa ndi magetsi a galimoto usiku. Chinanso, LASIK sichotsa ng'ala, sichiza glaucoma, ndipo ukadutsa zaka 40 magalasi owerengera udzawafunabe.

Ndiye phunziro la moyo wa a Chirambo ndi lomweli: yamba wadziwa chimene chikuvuta diso. Inu amalonda amene mukulephera kuwerenga manambala pa foni, ndi inu ophunzira amene mumakhala kutsogolo chifukwa bolodi simuliona, musayambe ndi magalasi a pamsika kapena kulota za ku Johannesburg. Pitani kaye mukayezetse, kaya ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central kapena kwa woyeza maso wovomerezeka. Glaucoma ndi matenda a shuga amadya diso mwakachetechete, ndipo magalasi a pamsika sangakuuzeni zimenezo. Mwana akafiira diso, musathiremo mkaka wa m'mawere, shuga kapena masamba. Ndipo ngati kumudzi muli ndi kholo limene diso lachita mbuu, ndalama ya basi yolibweretsera kuchipatala ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zimene lingakhale mumdima.

Diso lilibe sipeya, abale. Mwana wa ku Rumphi uja anathera moyo wake wonse kutiuza zimenezi.