Simon Mwansa Kapwepwe: Mtsogoleri amene anamenyedwa ndi anyamata a chipani

Malemu Simon Mwansa Kapwepwe anabadwa pa 12 Epulo 1922 ku Chinsali, kumpoto kwa dziko la Zambia. Anakulira limodzi ndi a Kenneth Kaunda, ndipo awiriwa anali m'gulu la anthu amene anayambitsa chipani cha ZANC mu 1958 pomenyera ufulu wodzilamulira. Dziko litalandira ufuluwo mu 1964, a Kapwepwe anakhala nduna yoona za maiko akunja, ndipo kuyambira 1967 mpaka 1970 anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Mu Ogasiti 1971 iwo anatuluka m'boma ndi m'chipani cholamula cha UNIP n'kuyamba kutsogolera chipani chatsopano cha UPP. Boma lisanaletse chipanichi, anyamata a UNIP anali atayamba kale kuchitsekera njira. Anyamatawa sanali apolisi kapena asilikali, koma m'matauni ambiri ankaima pazipata za misika ndi pokwerera mabasi n'kumafunsa khadi lachipani. Wopanda khadi ankabwezedwa. Kudera la migodi la Copperbelt, anthu oganiziridwa kuti ndi a UPP ankaopsezedwa ndi kumenyedwa, moti misonkhano ya chipanicho inkavuta kuchitika.

Ngakhale zinali choncho, mu Disembala 1971 a Kapwepwe anapambana pachisankho chapadera cha mpando wa Mufulira West. Mwezi wotsatira, gulu la otsatira UNIP linawamenya ku Kamwala mumzinda wa Lusaka. Anthu wamba anaona kuti ngati munthu amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri angamenyedwe poyera, iwo analibe pothawira.

Pa 4 Febuluwale 1972 boma linaletsa UPP ndi kutsekera a Kapwepwe pamodzi ndi anzawo opitirira 100. Anawamasula kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho, dziko litalowa kale mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Anabwerera mu UNIP mu 1977, koma atafuna kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa chipani mu 1978, malamulo anasinthidwa ndipo sanaloledwe kuima.

A Kapwepwe, amenenso analemba mabuku m'Chibemba, anamwalira pa 26 Januwale 1980 ndipo anaikidwa kwawo ku Chinsali. Mu 2011 bwalo la ndege la ku Ndola linapatsidwa dzina lawo.