Paul Ngozi, mwana wa mu Chibolya amene gitala yake ikali kukanganitsa anthu

Mu Ogasiti wathawu ndinapita kwathu ku Kulamba. Amene mumapitako mudziwa kuti masiku amenewo Katete sagona. Mabasi ochokera ku Lusaka amafika odzaza, ndipo mafumu a Achewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tsiku loti mawa ndi mwambo, ndinalowa m'kababashopu kena pa boma kuti andichepetseko imvi. M'menemo ndinapeza anyamata atatu atagwirana pakhosi chifukwa cha nyimbo imene inali kulira pa foni.

Woyamba anali kulumbira kuti imeneyo ndi heavy metal yeniyeni. Wachiwiri anakana kwamtuwagalu, ati metal ndi Metallica na Slipknot, izi ndi rock chabe ya madala. Wometayo, makina ali m'manja, anawadula onse awiri kuti ndi kalindula yoimbidwa pa sipika yong'ambika. Nyimboyo inali Noid ya Tyler, the Creator wa ku America, imene inatuluka mu Okutobala 2024. Koma gitala yolemera ija, pamodzi ndi mawu a Chinyanja amene amamveka pakati pake, anazitenga mu Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya mu 1977 ya gulu la Ngozi Family. Mmodzi wa anyamatawo anali kuganiza kuti Mwamerikayo analemba ganyu woimba wina watsopano wa mu Lusaka. Nditawauza kuti mwini mawuwo anamwalira iwo asanabadwe, anayamba kunditchula kuti atate, nandipempha kuti ndiweruze mlandu wawo. Mlanduwo ndiubwerera. Choyamba timudziwe munthuyo.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira mu Chibolya, komboni ya mu Lusaka imene mpaka lero ena saifuna kuilowa dzuwa likapendeka. Ufulu wa mu 1964 unamupeza ali ndi zaka 15, msinkhu womwe khutu limameza chilichonse. Nthawi imeneyo mkuwa unali ndi mtengo, ndipo anyamata a m'tauni anali kugula malekodi a kunja: The Beatles, The Rolling Stones, James Brown, kenako Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. Paul anayambira m'timagulu tating'ono ta mu Lusaka, pambuyo pake n'kukalowa Musi-O-Tunya, gulu la Azambia limene panthawiyo linali kuimba ku Nairobi. Sanakhalitseko. Anabwerera kumudzi n'kupanga gulu lakelake, Ngozi Family, momwe munali Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma ndi Tommy Mwale pa besi. Dzina loti Ngozi linayenerana ndi zochita zake pa siteji, pomwe ankafika poluma nsambo za gitala ndi mano monga mmene ankachitira Hendrix.

Apa boma nalo linathandiza, kaya linadziwa kapena ayi kuti likuthandiza ndani. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zomveka pa wailesi zikhale za Azambia. Ndikhulupirira kuti akuluakulu anali kuyembekeza ng'oma ndi makwaya. Chimene anapeza ndi anyamata a mathalauzi otambalala kumapazi, nsapato zazitali ndi tsitsi la afro, akukuwitsa magitala. WITCH ya Jagari Chanda ndi Amanaz anatulukira ku Copperbelt, kumene kunalinso Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, makampani a mu Ndola amene ankatulutsa malekodi. Kaimbidwe kameneka ndi kamene kanatchedwa Zamrock. Magulu ambiri otchuka anali a kumigodi. Lusaka inali ndi Paul.

Day of Judgement inatuluka mu 1976, ndipo posapita nthawi kunabwera 45,000 Volts ndi The Ghetto. Mukaziika lero mudzamva kuti sizinajambulidwe ndi zipangizo zapamwamba. Ng'oma zimveka ngati zili m'chipinda chimodzi ndi inu, Chingelezi chake ndi cha mu Chibolya, ndipo gitala imadutsa m'kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya mawu a nsambo kuti azimveka ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Wometa uja sananame kwambiri pokamba za sipika yong'ambika. Kusiyana kwake n'koti Paul ankang'amba dala.

Manje tibwerere ku mlandu wa anyamata aja. Metal inabadwira ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, kumene Black Sabbath inatulutsa lekodi yake yoyamba mu 1970. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a ku fakitale, ndipo pambuyo pake anayamba kumasula nsambo kuti zisamamupweteke. Nsambo zomasuka zimalira pansi, molemera. Paul anamvetsera zimenezo bwinobwino, ndipo aliyense amene akana kuti mu 45,000 Volts muli fungo la Sabbath ali ndi vuto la makutu. Mpaka apa mnyamata woyamba anali ndi mfundo. Wachiwiri nayenso anali nayo, chifukwa metal imene achinyamata adziwa lero, ya liwiro ndi kukuwa kwa pakhosi, inakula m'zaka za m'ma 1980 ndi kutsogolo kwake. Ng'oma za Chrissy Zebby Tembo sizithamanga choncho. Zimakusiyira mpata woti uvine, ndipo anthu ankavinadi. Ine ndinaweruza kuti ndi rock yolemera, msuweni wa metal, ndipo onse atatu anaona kuti ndawabera.

Koma chimene chinandidabwitsa n'choti pa mkangano wonsewo palibe anatchula zimene munthuyo ankakamba. Kwa ine Paul Ngozi ali pamenepo. Magulu ambiri a Zamrock ankaimba kwambiri m'Chingelezi. Paul ankasakaniza, ndipo akalowa m'Chinyanja ankalankhula ngati mnansi wako wa pa mpopi: za makolo osiya ana ndi njala, za ulesi, za kaduka, za imfa, za anthu a pakamwa. Mitu yokha ikuuzani, monga Kumanda kwa Bambo Wanga ndi Ulesi Tileke. Gitala inali yochokera kutali, koma milandu inali ya mu komboni, ya anthu amene anasiya minda kubwera kudzafuna ntchito n'kupeza nyumba ya chipinda chimodzi ndi lendi. Ambiri a iwo anali anthu akwathu kum'mawa, amene anatsata Great East Road makilomita pafupifupi 500 ndi kasutukesi kamodzi.

Amalume anga anali mmodzi wa iwo. Ankagwira ntchito mu Lusaka, ndipo Khirisimasi ina anabwera kumudzi ndi galamafoni ya mabatire ndi malekodi angapo. Imodzi inali ya Ngozi Family. Ambuya atamva gitala ija anafunsa ngati makinawo awonongeka pa basi. Koma mawu a Chinyanja atayamba anakhala chete, kenako n'kulamula kuti aibwereze. Aka kanali koyamba kumva chinenero chathu chikutuluka m'chinthu chimene tinkaganiza kuti chimalankhula Chizungu chokha. Ndiulule tchimo langa pano: patapita zaka, galamafoni itafa, ine ndi abale anga tinatenga malekodi aja n'kumaponyerana pabwalo ngati mbale zouluka. Ina tinaisiya pa denga la nkhokwe, dzuwa n'kuipinda. Sindinali ndekha. Nyumba zambiri zinachita chimodzimodzi makaseti atafika.

Nthawi ya Zamrock inali yaifupi. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira cha m'ma 1975, ndipo munthu wopanga mzere wa unga ndi saladi saganiza zogula lekodi. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka pakhomo pathu, ndege za Rhodesia zikuponya mabomba ku Chikumbi mu Okutobala 1978, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi amene oimba ankadyerapo. Disco inabwera, eni mabala n'kuona kuti munthu mmodzi woika nyimbo ndi wotchipa kuposa gulu lonse. Kenako kalindula inatenga bwalo. Paul sanasiye kuimba. M'zaka za m'ma 1980 anatsamira kwambiri ku kaimbidwe ka kwathu, ndipo Azambia ambiri a msinkhu wanga amamukumbukira ndi nyimbo za nthawi imeneyo kuposa za gitala yaukali. Mwina n'chifukwa chake wometa uja anafulumira kutchula kalindula. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 chabe, m'nyengo yoipa ija imene Zambia inaika m'manda oimba ake ambiri.

Amene anatola zimene ife tinataya anali akunja. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inasakasaka malekodi akale, n'kuwakonza ndi kuwatulutsanso, kuphatikizapo a Ngozi Family, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa magulu ambiri mu Welcome to Zamrock! Lero Jagari Chanda amayenda ku Ulaya ndi ku America ndi WITCH yatsopano. Zimandikondweretsa, koma zimandilumanso pang'ono kuti mnyamata wa ku Katete, amene Chinyanja cha Paul amachimva popanda womasulira, anachita kudikira munthu wa ku California kuti amuuze za iye.

Ndisanatuluke m'babashopu muja ndinawapempha kuti asake 45,000 Volts yonse pa foni, aimvetsere kuyambira poyamba. Anadandaula za mabandulo, ndiye ndinawagulira. Pofika nyimbo yachitatu mkangano unali utasintha: manje anali kutsutsana ngati Paul akanatha kupikisana ndi Hendrix. Ndinalipira tsitsi langa n'kuwasiya. Nditabwerera ku Lusaka ndinadzera dala ku Kabwata, kumene kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi Road, ndipo ndinafunsa kondakitala wa minibasi ngati amudziwa mwini dzinalo. Anaganiza pang'ono, n'kundiyankha kuti ayenera kuti anali khansala.