Rudolf Diesel, Mwini Dzina la Dizilo

Anzanga, dizilo amene amayendetsa chigayo uja ndi dzina la munthu. Rudolf Diesel anabadwira ku Paris pa 18 Malichi 1858, koma makolo ake anali Ajeremani. Nkhondo itabuka mu 1870 banja lonse linathawira ku London, iye n'kutumizidwa kwa achibale ku Augsburg kukaphunzira. Za uinjiniya anakachitira ku Munich.

Chinkamuwawa n'chakuti injini za nthunzi zinkangodya malasha, mphamvu yambiri n'kumapita pachabe. Nzeru yake inali iyi: mpweya ukaupanikiza kwambiri umatentha, ngati mmene pampu ya njinga imatenthera ukamapopa. Ukathira mafuta mumpweya wotenthawo amayaka okha, popanda pulagi. Kunena n'kophweka, komatu injini yoyenda bwino inatheka mu 1897, atalimbana nayo zaka zingapo.

Ineyo ndinamudziwa chifukwa cha mutu wa sitima umene ndikupanga ndi mawaya ndi zitini, potengera zija zokoka malasha kuchoka ku Moatize kupita ku Nacala. Mita imodzi ndikuiyesa masentimita awiri. Chandidabwitsa n'chakuti injini yake siizunguza mawilo ayi. Imazunguza jenereta, ndiye magetsiwo ndi amene amayendetsa mawilo.

Mwini wakeyo zimphona zimenezi sanazione. Pa 29 Seputembala 1913, ali ndi ngongole zambiri, anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Dresden ku Antwerp kupita ku England. Kutacha anapeza bedi lake losagonapo, iye osaoneka. Anali ndi zaka 55.